Tsamba la m'Kope la Mwanamvua

Aphunzitsi Rowland Likagwa anang'amba tsamba m'kope la mwana wa sukulu, ndipo atafunsidwa za tsambalo pamaso pa kalasi yonse, anakhala chete. Kulakwa kwawo ndi kumeneko. Ena amene amawakumbukira amayesa kuwapeputsira mlandu ponena kuti nthawi inali yoipa, kuti m'chaka cha 1974 munthu ankayamba wacheuka asanayankhe moni. Zimenezo n'zoona, koma sizifafaniza kanthu. Munthu wa zaka makumi asanu ndi zitatu, amene anagwira choko kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi, ankadziwa bwino lomwe chimene ankachita.

Sukuluyo inali ya mishoni ya Angilikani, kum'mawa kwa nyanja, ulendo wa theka la tsiku pa njinga kuchokera ku boma la Mangochi. A Likagwa ankaphunzitsa Chingerezi ndi masamu mu Sitandade 7. Kunali kutatsala zaka ziwiri kuti apume pa ntchito mwaulemu, ndipo nyumba ya njerwa imene ankakhalamo ndi akazi awo, mayi Dora, inali ya sukulu. Kwawo kwenikweni kunali bwinja lokhalokha, pakuti anachokako ali mnyamata ndipo makolo onse anali atatha. Ntchito ikanatha mwadzidzidzi, ikanatha ndi denga lomwe.

Anali munthu wa mwambo. Mwana sankalowa m'kalasi mwawo malaya ali kunja kwa kabudula. Funso silinkayankhidwa ndi liwu limodzi, koma ndi chiganizo chathunthu, woyankhayo ataimirira, manja ali kumbuyo. Mwa malamulo awo onse, awiri ndi amene ankawalemekeza koposa. Loyamba linali la makope. Ana a m'mbali mwa nyanja ankakonda kung'amba masamba kuti akulungire usipa wootcha, kapena kuti akapatse atate awo apichirire fodya. Choncho kumayambiriro kwa teremu iliyonse a Likagwa ankakhala pansi n'kulemba nambala pa tsamba lililonse la makope onse makumi asanu ndi awiri, ndi dzanja lawo, pa kona yakumwamba. Wong'amba tsamba ankalandira zikwapu zisanu ndi chimodzi, ndipo lamulo limeneli linali lolembedwa m'zilembo zikuluzikulu pa katoni imene inapachikidwa pambali pa bolodi. Lachiwiri linali la ziganizo. Mwana akauzidwa kuti apange chiganizo cha Chingerezi, ankayenera kulemba chinthu chimene anachiona ndi maso ake. A Likagwa ankanena kuti sanabwere kudzaphunzitsa ana kunama m'chilankhulo cha eni ake. Wolemba za sitima ya pa njanji imene sanaikwerepo, kapena za maapozi amene sanawalawepo, ankabwereza ntchito yonse.

Lolemba lina m'mwezi wa Juni, mwera ukuomba mpaka ana kukhala atapinda manja m'khwapa, analemba pa bolodi mawu awiri akuti take away. Anauza ana kuti Mngerezi ali ndi chizolowezi chomangirira kamawu kakang'ono kumbuyo kwa mneni, monga msodzi amamangirira bwato kumbuyo kwa boti, ndipo kuti mawu awiriwo akayenda limodzi amagwira ntchito imene lililonse palokha silingaithe. Awa, anatero, amanena za kuchotsa chinthu pamene chinali n'kupita nacho kwina. Anayamba ndi masamu, amene ana ankawadziwa kale: nine take away four, zisanu ndi zinayi kuchotsapo zinayi. Kenaka anaika kapu yawo ya tiyi pa tebulo nauza mtsikana wa kutsogolo kuti aichotse, kalasi yonse ikuimba pamodzi kuti she is taking the cup away. Anawasonyeza kuti mankhwala nawo amachita chimodzimodzi ndi kupweteka kwa mutu, ndi kuti mwera ungathe kutero ndi bwato limene mwini wake wamanga mwaulesi. Anawachenjeza kuti wolemba taked m'malo mwa took adzaonana nawo pansi pa mtengo wa bwemba, ana n'kuseka mochepa, monga mmene zinkaloledwera. Potsiriza anawalamula kuti aliyense alembe ziganizo zisanu.

Makopewo anawachonga tsiku lomwelo pa khonde la nyumba yawo, dzuwa litapendeka. Diso la mphunzitsi amene wachonga kwa zaka zambiri limasaka cholakwa, silimva nkhani. Anadutsa akhwangwala ambirimbiri otenga nsomba pa thandala, ndi amayi ambirimbiri ochotsa mbale, ndi a taked asanu ndi awiri amene mayina awo anawalemba padera. Kenaka linabwera kope la Mwanamvua Jaffalie, mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi, wosalankhulalankhula, amene ankakhala nambala wani teremu iliyonse. Peni yofiira inachonga kasanu mosaima. Pansi pake analemba kuti Very good, naika tsiku, nasaina. Atatseka kope ndi pamene mawuwo anawafika m'mutu. Analitsegulanso.

A Land Rover took my father away on Friday.
The men took his sewing machine away.
My uncle took my small brother away to Chowe.
The medicine did not take away my mother's headache.
We were six. Six take away two is four.

Mwana analemba kuti Landirova inatenga atate ake Lachisanu, kuti anthuwo anatenganso makina awo osokera, kuti amalume ake anatenga mlongo wake wamng'ono kupita naye ku Chowe, kuti mankhwala sanachotse mutu umene unkawapweteka amayi ake, ndi kuti pa nyumba anali anthu asanu ndi mmodzi, ndipo kuchotsapo awiri patsala anayi. Munalibe cholakwa ngakhale chimodzi. Malamulo onse a kalasi anali atasungidwa.

Za Che Jaffalie aliyense ankazidziwa. Anali telala wa pa khonde la sitolo ya pa mphambano, ndipo anatengedwa m'mwezi wa Epulo, masanasana, akuchokera ku mzikiti, pa mlandu umene palibe anauzidwa. Koma mudzi unali ndi kanenedwe kake. Munthu wotere ankati ali pa ulendo, ndipo za tsiku lobwera munthu wamakhalidwe sankafunsa. A Likagwa nawonso, amene buluku lawo la khaki linapita limodzi ndi makinawo lisanapindidwe m'munsi, ankapereka moni kwa akazi a telalayo, mayi Amida, mwaulemu wonse, kufunsa za ana ndi za mpunga wa kudambo, osatchula mwamuna. Tsopano chimene mudzi wonse unali utachimeza chinali pa tsamba 19, m'Chingerezi choongoka, siginecha yawo ili pansi.

Anaika kopelo pakati pa anzake nadziuza kuti makope a ana sawerengedwa ndi munthu wina. Koma m'mawa mwake kunafika uthenga woti insipekitala wa masukulu adzabwera Lachinayi, ndipo mphunzitsi wamkulu, a Jeremiya Kamwendo, anaitanitsa makope a makalasi onse kuti aone ngati ntchito yachongedwa. A Kamwendo anali munthu wa zaka makumi atatu ndi mphambu, amene anaphunzira kugwira pensulo m'manja mwa a Likagwa omwewo. Ana ataweruka anaitanitsa a Likagwa ku ofesi, natseka chitseko ndi zenera lomwe, naika kope pa tebulo mofulumira ngati munthu amene wanyamula khala la moto.

"Bambo, mwaona chimene mwachonga?"

"Ndachonga Chingerezi cholondola, Ahedi."

"Kumene amapita nawo anthu safunsako za Chingerezi."

A Kamwendo anawakumbutsa, mawu ali pansipansi, kuti insipekitala salowa yekha m'kalasi. Tcheyamani wa chipani wa m'deralo, Che Sumani, ankaperekeza mlendo aliyense wa boma kuyambira pofika mpaka pochoka. A Kamwendo anawapempha kuti kopelo lisowe, ligwere m'chimbudzi kapena lidyedwe ndi chiswe, ndipo ngati zimenezo n'zovuta, tsamba lokhalo lichoke. A Likagwa anayankha ataimirira, pakuti sankakhala pansi mu ofesi ya mkulu wawo asanauzidwe. Ananena kuti makope ndi makumi asanu ndi awiri monga alili mayina m'kaundula, ndipo kuti iwo, amene anakwapula theka la amuna a mudzi umenewu chifukwa cha kung'amba, osaiwala Ahedi omwe ali ku Sitandade 3, sakanatha kung'amba.

"Zikwapu zija ndikuzikumbukira, bambo," anatero a Kamwendo. "Koma zija zinapola. Ine ndakutsinani khutu. Kope ndi limenelo, tengani. Likadzafika Lachinayi, ine sindinalionepo."

Kunyumba a Likagwa anapeza mayi Dora akupeta mpunga kuseri kwa khitchini. Anawafotokozera zonse mwadongosolo, kuyambira pa phunziro mpaka pa mawu a mu ofesi. Mayiwo anamvetsera lichero likuyendabe. Atatha anafunsa ngati bedi la chitsulo ndi kabati ya mbale adzazinyamula pamutu kupita nazo ku bwinja kuja, ndi ngati kumeneko kuli mtengo wa mthunzi wokwanira anthu awiri okalamba.

"Bambo a Esitere, tsamba ndi pepala," anatero. "Mukalisunga, ife tikagona pati?"

A Likagwa anayankha kuti nkhani sinali ya pepala koma ya lamulo, ndipo kuti mphunzitsi wothyola lamulo lake ndi wofanana ndi wansembe woba za m'mbale ya chopereka.

"Buluku lanu lija simunapite kukalifunsa ku boma," anatero mayi Dora akuuzira mankhusu. "Pamenepo nzeru munali nazo. Lero zapita kuti?"

Lachitatu, ana atatuluka kukasesa bwalo ndi kupaka laimu miyala ya m'mbali mwa njira pokonzekera mlendo, a Likagwa anatsala okha m'kalasi. Anatenga rula ndi lezala losongolera mapensulo, nadula tsamba 19 kuyambira pamwamba mpaka pansi, kusiya kachidutswa kopyapyala m'kati kuti tsamba linzake la kutsogolo lisagwe. Ngakhale pochita choipa dzanja lawo linali laukhondo. Anapinda pepalalo naliika m'thumba la malaya, ndipo masana mayi Dora analisonkhezera pansi pa ketulo. Kopelo analiika pansi pa mulu wonse, poganiza kuti insipekitala aliyense amatola asanu kapena asanu ndi limodzi a pamwamba n'kukhutira. Anatseka kabati, kiyi n'kuponya m'thumba.

Akanamuitana mwanayo n'kumuuza mawu awiri okha, zinthu zikanayenda mwina. Anaganizadi zotero pamene anamuona akudutsa pa zenera atasenza chidebe cha laimu. Koma mphunzitsi amuyamba bwanji mwana wa zaka khumi ndi zinayi kuti ndang'amba kope lako? Anamusiya napitirira.

Insipekitala anafika Lachinayi cha m'ma naini koloko pa njinga yamoto. Anali a Nkhwazi, munthu wachinyamata wovala tayi, wansangala, amene anali atangosamutsidwira ku Mangochi ndipo sankadziwa munthu aliyense wa m'mudzimo. Analowa m'kalasi pamodzi ndi a Kamwendo. Che Sumani anabwera pambuyo atavala kofiya yoyera ndi baji ya chipani pa chifuwa, napatsidwa mpando pafupi ndi khomo. Chingerezi sankachimva, ndipo pa maulendo otere kawirikawiri ankangosinza.

Phunziro linayenda bwino koposa. Ana anaimirira ngati munthu mmodzi, anayankha m'ziganizo zathunthu, ndipo palibe anakanda m'mutu. A Nkhwazi ankalemba m'buku lawo akugwedeza mutu. Ataona katoni ya pambali pa bolodi anaiwerenga mokweza naseka, nafunsa ngati n'zoona kuti tsamba lililonse lili ndi nambala. Atauzidwa kuti n'zoona, ananena kuti nzeru yotere sanaionepo m'masukulu onse amene anayendamo, ndipo kuti adzailemba mu lipoti kuti aphunzitsi a m'boma lonse atengerepo. A Likagwa anawerama pang'ono kulandira ulemuwo. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

A Nkhwazi anapempha makope. Muluwo utaikidwa pa tebulo, anauza a Kamwendo mwanthabwala kuti nawonso anakhalapo mphunzitsi, ndipo amadziwa kuti makope okongola amagona pamwamba ngati nsomba zikuluzikulu m'dengu la wogulitsa. Iwo ankayambira pansi. Anapendeketsa mulu nasolola kope lotsiriza. Analitsegula nayamikira kalembedwe, kenaka anayamba kuwerenga manambala mokweza kuti asangalatse mwini kalasi. Anafika pa seventeen, napita pa eighteen, natembenuza, naima. Anabwerera, nawerenganso. Anayendetsa chala pa kachidutswa kaja.

"Kudula kwake ngati kwa telala," anatero akumwetulira. "Aphunzitsi, ili mukulidziwa?"

Funsolo linali lofatsa. Munthuyo ankayembekeza kumva kuti wolakwayo analandira kale zake. Panali mayankho awiri amene akanatseka nkhani pomwepo. A Likagwa akanatha kunena kuti inki inatayikira pa tsambalo ndipo analichotsa okha, limene likanakhala bodza laling'ono. Akanathanso kungoti ndine, osaonjezera kanthu, ndipo insipekitala waulemu sakanamufunsa munthu wa imvi kawiri pamaso pa ana. Koma ana makumi asanu ndi awiri anali atawayang'ana, ndipo ambiri mwa iwo anali ataonjapo zikhatho pansi pa katoni ija. Anayang'ana kopelo ngati akuliona koyamba, ndipo sananene kanthu.

A Nkhwazi anayesa kuti mkuluyo wasowa chonena chifukwa cha manyazi, kuti mwana wamuchititsa manyazi pa tsiku la mlendo. Anawerenga dzina pa chikuto naitana mwini wake. Mwanamvua anaimirira, manja ali kumbuyo. Atafunsidwa m'Chingerezi chifukwa chake anang'amba tsamba, anayankha m'chiganizo chathunthu kuti sanang'ambe tsamba lililonse. Insipekitala anamuuza mokoma mtima kuti palibe mwana amene sanabisepo ntchito yolakwa, ndipo kuti kuvomera n'kwabwino koposa kukana. Mtsikanayo anayankha kuti ntchitoyo sinali yolakwa, pakuti anakhoza zonse zisanu.

"Ngati unakhoza, unalibe chobisa," anatero a Nkhwazi. "Tiuze tsono zimene unalemba."

Mwanamvua anayang'ana aphunzitsi ake. A Likagwa anali akuyang'ana pa zenera, kumene kunalibe china koma mtengo wa bwemba ukugwedezeka ndi mwera. Mwanayo anadikira pang'ono. Kenaka anachita chimene anaphunzitsidwa kuchita mlendo akafunsa: anadzutsa mutu, nanena ziganizo zisanuzo chimodzichimodzi, momveka bwino, osadumpha liwu.

Si ana onse amene anamva zonse, koma Landirova ndi Friday aliyense anamva. Che Sumani, amene anali atatsinzina, anatsegula maso nakonza kofiya.

"Mwanayu akuti chiyani za galimoto?"

Kumwetulira kwa a Nkhwazi kunali kutatha. Anayang'ana a Kamwendo, a Kamwendo n'kuyang'ana pansi. M'chipindamo munali amuna atatu omva Chingerezi, ndipo aliyense ankadziwa kuti awiri enawo amva. Wopotoza mawu akanakhala atadzipereka m'manja mwa anzake awiriwo kwa moyo wake wonse, ndipo masiku amenewo munthu sankadziwa kuti mnzake amakagona atalankhula ndi yani. Insipekitala anatseka kope pang'onopang'ono nanena kuti mwini kalasi ndiye amasulire.

"Akuti Landirova inatenga atate ake Lachisanu," anatero a Likagwa.

Anamasulira ndi zinayi zotsalazo, liwu ndi liwu, pakuti kumasulira kwina sankakudziwa. Che Sumani anamvetsera mpaka pa masamu a kumapeto, akugwedeza mutu ngati munthu womva ulaliki wabwino.

"Chizungu n'chokoma, amwalimu," anatero. "Ife osaphunzira timadziwa kuti bambo ake ali pa ulendo. Kani kuno ana mukuwaphunzitsa zina."

Anatambasula dzanja, ndipo a Nkhwazi anawapatsa kopelo ndi manja awiri. Ana anaweruka tsiku limenelo nthawi isanakwane, ndipo anatuluka mopanda phokoso, chinthu chimene chinali chisanachitikepo.

Nkhani inakambidwa Lolemba lotsatira mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Panali Che Sumani, akuluakulu atatu a komiti ya sukulu, ndi munthu wina wochokera ku boma amene sanatchule dzina lake ndipo ankangolemba. A Likagwa anabwera atavala jekete la ku tchalitchi. Mayi Amida anakhala pansi pafupi ndi chitseko, mwana wawo ali pambali, onse awiri atatambalala miyendo. Funso loyamba linali lakuti ndani anaphunzitsa mwana kulemba kuti boma limatenga anthu ngati kabawi atenga anapiye. Mayi Amida anayankha m'Chiyao kuti iwo sadziwa kuwerenga ngakhale dzina lawo, ndipo kuti anatumiza mwana ku sukulu kuti akamve za aphunzitsi. Mwanamvua ananena kuti lamulo la kalasi ndi loti munthu alembe chimene anachiona, ndipo iye analemba chimene anachiona. Munthu wa ku boma uja analemba mawu amenewa mosafulumira.

Kenaka anafika pa za tsamba. Mtsikanayo anabwereza kuti sanang'ambe, ndipo kuti kuyambira Lolemba lija kope silinabwerere m'manja mwake. Che Sumani ananena kuti iwo ndi munthu wolemekeza malamulo a eni nyumba. Anali atauzidwa zimene zinalembedwa pa katoni ija. Kope ndi la mwanayu, tsamba mulibe, ndiye mwalimu apereke zisanu ndi chimodzi zake pomwepo, kuti mlandu waung'ono uchoke patsale waukulu. Anatuma mmodzi wa a komiti kukatenga ndodo m'kalasi, ndipo inaikidwa pa tebulo patsogolo pa a Likagwa. Mwanamvua anadzuka osauzidwa kawiri, naima pakati pa chipinda, natambasula chikhatho.

A Likagwa anayang'ana chikhathocho. Chinali ndi laimu m'mizere, amene sanathe kuchoka kuyambira Lachitatu.

"Ndinang'amba ndine," anatero.

Palibe anadabwa mokweza. Che Sumani anatsamira ku mpando nafunsa, mofatsa kwambiri, ngati amwalimu amang'amba ntchito iliyonse ya ana kapena yoipa yokha. Ngati anang'amba, ndiye kuti anadziwa kuti mawuwo ndi onyoza. Ngati anadziwa, n'chifukwa chiyani sanabwere nawo ku chipani, koma anawabisa? Ndipo asanang'ambe, anayamba amudzudzula mwanayo kapena ayi? A Likagwa anayankha kuti sanamudzudzule, chifukwa m'ziganizozo munalibe cholakwa cha Chingerezi. Mmodzi wa a komiti, mkulu wa mpingo amene ankakhala nawo pa benchi limodzi Lamulungu lililonse, anagwira kumaso.

Munthu wa ku boma anadzutsa mutu koyamba nafunsa mphunzitsi wamkulu ngati tsambalo analionapo lisanachoke. A Kamwendo ananena kuti analiona Lachiwiri, kuti ziganizo zonse zisanu zinali zochongedwa ndi peni yofiira, kuti pansi pake panali mawu oyamikira ndi siginecha, ndipo kuti iwo anali ndi maganizo okanena ku chipani mlendo akangochoka, koma zinthu zinawapitirira. Polankhula zonsezi sanayang'ane kumene kunali aphunzitsi awo akale. A Likagwa sanawatsutse. Akanatha kunena za chitseko chotseka ndi za chimbudzi, koma anaona kuti kugwetsera munthu wachiwiri m'dzenje sikukanatulutsa woyamba.

Anauzidwa kuti apite kunyumba akadikire, ndipo asaponde m'kalasi. Potuluka anapeza mayi Amida ndi mwana wawo ataima pa khonde, akudikira kuti akuluakulu adutse. A Likagwa anavula chipewa. Mayi Amida anayang'ana kumbali nakoka mpango wawo. Mwanamvua ndiye anawayang'ana, manja ali kumbuyo mwa chizolowezi.

"Mukanandiuza, aphunzitsi," anatero. "Ndikanati ndinang'amba ndine kukulungira usipa. Zisanu ndi chimodzi ndikanapirira."

Amayi ake anamugwira pa mkono, natsika naye pa khonde kulowera njira ya kunyanja.

Kalata inafika pa 9 Julayi. A Likagwa anachotsedwa ntchito kuyambira tsiku lomwelo pa mlandu wolimbikitsa ana kunyoza boma ndi kubisa umboni. Analetsedwa kuphunzitsa pa sukulu iliyonse m'dziko muno, anapatsidwa masiku asanu ndi awiri kuti atuluke m'nyumba ya sukulu, ndipo analamulidwa kuti azikaonekera ku polisi ya ku boma Lolemba lililonse kufikira atauzidwa zina. Dzina la Mwanamvua Jaffalie linafufutidwa m'kaundula, ndipo masukulu onse a m'deralo anauzidwa kuti asamulandire.